Mvula yosaoneka yogwa pa Sapitwa ikuchokera kuti?

Tambasulani chikhatho pomwe mwakhalapo, kaya ndi pamsika wa Chitakale kapena m'munda wa tiyi ku Thyolo. Pafupifupi sekondi iliyonse, kanthu kakang'ono kotchedwa muon kakuboola chikhathocho n'kulowa pansi inu osamva kalikonse. Mukakwera pa Sapitwa, mamita 3,002, timvula timeneti timachuluka, chifukwa mpweya wokuphimbani wachepa. Izi anazitsimikiza Victor Hess mu 1912 atakwera ndi baluni mpaka mamita 5,300: pokwera, cheza chinkawonjezeka m'malo mochepa. Ndiye kuti chimachokera kumwamba, osati m'nthaka.

Ma muon ndi zibenthu chabe. Zenizeni zochokera kunja, zomwe akatswiri amati cosmic rays, zimaswekera pa mpweya makilomita ambiri pamwamba pathu. Mwa zinthu 100 zilizonse, pafupifupi 90 ndi mapulotoni (mitima ya maatomu a hydrogen), 9 ndi mitima ya maatomu a helium, zotsalazo ndi maelekitironi ndi maatomu olemererapo. Vuto ndi ili: zonsezi zili ndi mphamvu ya magetsi, choncho maginito a mumlalang'amba wathu amazikhotetsa uku ndi uku kwa zaka mamiliyoni oposa 10 zisanafike kuno. Kuona mbali imene pulotoni yatulukira sikuthandiza. Zili ngati kutunga madzi ku Chiromo, komwe Ruo amathira mu Shire, n'kumafunsa kuti dontho ili linagwera pa thanthwe liti la phiri la Mulanje.

Woganiziridwa analipo kuyambira kale. Mu 1934 Walter Baade ndi Fritz Zwicky anati gwero lake ndi supernova, kuphulika kwa nyenyezi ikafika kumapeto a moyo wake. Masamu ake amagwirizana: mumlalang'amba wathu mumaphulika nyenyezi ziwiri kapena zitatu pa zaka 100, ndipo gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya kuphulikako lingakwane kudyetsa cosmic rays yonse imene timayeza. Koma si kuphulika kwenikweniko kumene kumagwira ntchitoyi. Ndi zotsalira zake, chigoba cha mpweya wotentha chimene chimafutukuka pa liwiro la makilomita ngati 5,000 pa sekondi chikadali chatsopano, mtunda wochoka kuno kukafika ku Cairo. Kutsogolo kwa chigobacho maginito amakhala ovundukavunduka. Pulotoni imadutsa mpanda umenewu, maginito amaibweza, imadutsanso, ndipo ulendo uliwonse imawonjezera mphamvu pang'ono. Zambiri zimathawa msanga. Zochepa zimapirira maulendo mazanamazana n'kutuluka ndi mphamvu zoopsa. Maganizo amenewa anayambira kwa Enrico Fermi mu 1949 ndipo anakonzedwa bwino mu 1977 ndi 1978.

Komabe mlandu sugamulidwa popanda mboni. Mboni yake ndi cheza cha gamma, chomwe ndi kuwala ndithu koma kwa mphamvu zochuluka zedi. Kuwala kumene maso amaona kuli ndi mphamvu ya ma eV awiri kapena atatu (eV ndi muyezo wa mphamvu ya tinthu ting'onoting'ono ngati timeneti), X-ray ya kuchipatala ma eV masauzande makumi angapo, pamene gamma ya nkhani yathuyi imayambira pa mamiliyoni. Popeza ilibe mphamvu ya magetsi, maginito saigwira. Imabwera molunjika ndipo imaloza kwawo.

Apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Kuona gamma ikuchokera ku zotsalira za supernova sikutanthauza kuti kumeneko kuli mapulotoni othamanga, chifukwa njira zoipangira ndi ziwiri. Maelekitironi othamanga akagunda kuwala wamba amakusandutsa gamma. Mapulotoni nawo akagunda mpweya amabala kanthu kotchedwa pion, komwe nthawi yomweyo kamasweka n'kukhala tizidutswa tiwiri ta cheza cha gamma, kalikonse ka mphamvu ya ma eV 67.5 miliyoni ukayeza pion ili chiimire. Njira yachiwiriyi ili ndi chidindo chake: pansi pa ma eV pafupifupi 200 miliyoni, gamma imachepa mwadzidzidzi. Chidindo chimenechi chinalengezedwa mu 2013, kuchokera ku setilaiti ya Fermi yomwe inakwezedwa mu 2008, pa zotsalira ziwiri: IC 443, yomwe kuwala kwake kumatenga zaka ngati 5,000 kuti kufike kuno, ndi W44, yomwe kuwala kwake kumatenga zaka ngati 10,000. Zonse ziwiri zikugundana ndi mitambo yothithikana ya mpweya, kotero mapulotoni ali ndi chowomba.

Gamma ya mphamvu za mathiriliyoni ndi yosowa kwambiri moti setilaiti imachepa nayo. Imeneyi amaidikirira pansi, ndipo ena mwa makina odziwika ali konkuno kum'mwera kwa Africa: H.E.S.S., ku mapiri a Khomas ku Namibia, mamita ngati 1,800. Kuli matelesikopu anayi a magalasi a mamita 12 ndi imodzi ya mamita 28 yomwe anaonjeza mu 2012. Gamma ikalowa mumpweya imabala chigulu cha tinthu tothamanga, chomwe chimachuluka kwambiri pa makilomita ngati 10 m'mwamba n'kutulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo. Kuwalako kumagwa pansi pa bwalo la mamita ngati 250 m'mimba mwake, ndipo kumazima pasanathe timagawo tochepa mwa magawo biliyoni a sekondi. Diso silingakuone.

Zosokoneza n'zambiri. Mapulotoni nawo amabala kung'anima kofanana, ndipo amaposa gamma kambirimbiri. Amazisiyanitsa ndi maonekedwe: chithunzi cha gamma ndi chowonda, chosalala ngati njere ya mpunga, pamene cha pulotoni ndi chotambalala, chong'ambikang'ambika. Matelesikopu awiri kapena kuposerapo ayenera kuona kung'anima komweko, ndipo pamene mizere ya zithunzi zawo yakumana ndi pomwe gamma yachokera. Mwezi ukawala kwambiri ntchito imavuta, mitambo imaiyimitsa, ndipo fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimameza kuwala n'kupangitsa kuti mphamvu ioneke yochepa kuposa mmene ilili. Pachaka amapeza maola abwino ngati 1,000 okha. Phiri lathu, ngakhale ndi lalitali kuposa Khomas, silingapikisane nawo: chiperoni chimatseka thambo m'miyezi yomweyo imene pakati pa mlalang'amba pamakhala pamutu penipeni.

Usiku wa mu Julaye chiperoni chikayera, yang'anani gulu la nyenyezi looneka ngati chinkhanira, Scorpius. Cha kumchira kwake kuli supernova yakale yotchedwa RX J1713.7-3946, yomwe H.E.S.S. inaijambula chigoba chake mu gamma mu 2004. Mpaka pano akatswiri akukanganabe ngati gamma yake ndi ya maelekitironi, ya mapulotoni kapena ya zonse ziwiri.

Chovuta kwambiri chili pamwamba. Kuchuluka kwa cosmic rays kumatsika mwadongosolo mphamvu ikamakwera, mpaka pa ma eV 3,000 thiriliyoni, pamene mzere wosonyeza kutsikako umapindika. Amapatchula kuti bondo. Kuyerekeza, makina othamangitsa mapulotoni a ku CERN, ku Ulaya, amafikitsa pulotoni pa 6.8 thiriliyoni basi. Ngati zotsalira za supernova zili gwero la zonse za mumlalang'amba wathu, ziyenera kufika pa bondolo. Koma Cassiopeia A, zotsalira za supernova za zaka ngati 350 zokha, gamma yake imafooka itangopitirira mathiriliyoni ochepa. Ndipo mu 2021 makina a LHAASO ku Sichuan, China, atalengeza malo 12 otulutsa gamma yoposa 100 thiriliyoni, yamphamvu koposa, 1,400 thiriliyoni, inachokera ku dera la Cygnus komwe kuli khamu la nyenyezi zikuluzikulu zatsopano. N'kutheka kuti supernova imafika pa bondo m'zaka zake zoyambirira zokha, mapulotoni amphamvu n'kuthawa isanakalambe. N'chifukwa chake ofufuza tsopano amayang'ananso mitambo ya mpweya yoyandikana ndi zotsalirazo, kuti aone ngati othawawo akuiwalitsa podutsa.