Liwu lakuti "bank" silikamba za ndalama zokha

Kuno ku Chikwawa ndi ku Nsanje tikati East Bank, palibe amene amaganiza za nyumba yosungira ndalama. Aliyense amadziwa kuti tikunena za kutsidya la kum'mawa kwa Shire, monga ku Livunzu kapena ku Makhanga. Koma mwana wa kuno komweko akaona "bank" pa mayeso, amathamangira kuganiza za banki. Apa mpamene ambiri amatayira malikisi.

M'Chingerezi muli mawu awiri osiyana amene amalembedwa chimodzimodzi. Loyamba limatanthauza gombe, mtunda wa m'mbali mwa mtsinje. Lachiwiri, la ndalama, linachokera ku liwu la Chitaliyana lakuti "banca", tebulo limene osintha ndalama ankagwiritsa ntchito.

Tanthauzo la gombe ndilo lofunika kwambiri kwa ife okhala m'chigwa. Uthenga wochenjeza ukati "the Ruo has burst its banks", nkhani yake ndi yakuti Ruo wasefukira, madzi adutsa magombe ake. Pali "s" kumapeto chifukwa mtsinje uli ndi magombe awiri. Womasulira akalakwitsa pamenepa, anthu a ku Chiromo amataya nthawi yosamukira kumtunda, ndipo aliyense amene anaona namondwe Freddy mu 2023 akudziwa kuti madzi sadikira.

M'malipoti a akatswiri a zamadzi mumapezekanso "left bank" ndi "right bank". Njira yake ndi iyi: yang'anani kumene madzi akulowera. Dzanja lanu lamanzere ndiye "left bank". Popeza Shire amalowera kum'mwera, East Bank ndiye gombe lamanzere. Ambiri amasokoneza chifukwa amayang'ana kumene madzi akuchokera. Pomwe "sandbank" ndi mchenga wounjikana mumtsinje, uja umagwira bwato madzi akaphwera.

Kuchokera ku banki ya ndalama kunabadwa tanthauzo la malo aliwonse osungira chinthu chofunika mtsogolo. "Blood bank" ndi kumene chipatala chimasungira magazi mufiriji, pa madigiri 2 mpaka 6. "Seed bank" ndi nkhokwe ya mbewu. "Village bank" ndi banki mkhonde yathu yomwe ija.

Nanga mungadziwe bwanji msanga? Musamasulire liwulo palokha, yambani mwaona mawu amene layandikana nawo. "On the bank" nthawi zambiri ndi pagombe, pomwe "at the bank" kapena "in the bank" ndi kubanki. Mukaona "account", "loan" kapena "interest" chapafupi, nkhani ndi ya ndalama.

Chimene chimavuta kwambiri ndi "bank on". Apa liwuli lasanduka mneni, ndipo likutanthauza kudalira. Mlangizi wa zaulimi akati "do not bank on the rains this year", sakunena za gombe kapena ngongole. Akuti musadalire mvula ya chaka chino, konzekeraninso kulima kudimba.