Ndalipira, koma akuti gemu si yanga: mafunso ndi mayankho pa malaisensi a magemu ndi mapulogalamu

Ndimakonza makompyuta ndi makina a magemu m'tauni muno mu Lusaka, kufupi ndi Katondo Street. Sabata siitha osabwera munthu ndi laputopu yomwe pakona ya m'munsi pali timawu totuwa tomuuza kuti Windows yake ilibe kiyi, kapena mnyamata amene gemu yake yakana kutseguka pomwe analipira. Mafunso awo onse amathera pa laisensi. Ndawasonkhanitsa pano pamodzi ndi a mng'ono wanga, amene ali ndi kantemba ka PlayStation ku Chawama.

Ndalipira ndalama zanga. Akunena bwanji kuti gemu si yanga?

Chimene mwagula ndi chilolezo choisewera. Gemu yeniyeniyo, malangizo a kompyuta amene anthu analemba, zithunzi ndi nyimbo zake, imakhalabe ya kampani imene inaipanga. Mawu ataliatali aja amene timadina kuti tavomera tisanawawerenge ndiwo pangano lake: makina angati, anthu angati, kunyumba kokha kapena pa bizinesi.

Kwa ife kuno nkhaniyi si yachilendo. Munthu amene ali ndi taitolo ya puloti ku Chalala amati malowo ndi ake, koma lamulo la malo la 1995 limati malo onse ali m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu a Zambia, ndipo iye wapatsidwa kwa zaka 99. Pamene pamandipweteka m'pakuti taitolo imatchula zaka, pomwe laisensi ya gemu nthawi zambiri sitchula tsiku. Imangoti kampani ikhoza kuithetsa.

Ku California anaona kuti batani lolembedwa kuti gula likusocheretsa anthu. Mu 2024 anakhazikitsa lamulo la AB 2426, loti wogulitsa zinthu za pa intaneti azinena poyera kuti akugulitsa laisensi. Mu Okutobala chaka chomwecho Steam, sitolo ya magemu a pa kompyuta ya pa intaneti, inayamba kulemba zimenezi pamalo olipirira.

Za ku California zikutikhudza bwanji? Lamulo la kuno likuti chiyani?

Lamulo lathu ndi Copyright and Performance Rights Act la 1994, Chaputala 406, lomwe linakonzedwanso mu 2010. Limatchula mapulogalamu a kompyuta pamodzi ndi mabuku, nyimbo ndi mafilimu. Kukopera pulogalamu popanda chilolezo cha mwiniwake n'kuphwanya ufulu wake, ndipo kupanga makope oti mugulitse kapena kuwasunga pa malonda ndi mlandu wofika kupolisi. Nkhani za copyright, ufulu wa mwini ntchito umenewu, tsopano zili pansi pa PACRA, ofesi yomweyo imene timalembetsako makampani.

Ena amati, "Microsoft ndi ya ku America, lamulo la Zambia liiteteza bwanji?" Zambia inalowa m'pangano la Berne mu 1992 ndipo ili mu WTO, bungwe la zamalonda la dziko lonse, kuyambira 1995. Mapangano amenewa amati ntchito ya mlendo itetezedwe monga ya mwini dziko, ndipo ndime 10 ya pangano la WTO lotchedwa TRIPS imati pulogalamu ya kompyuta ili ngati buku pamaso pa lamulo. Ndiponso khomo ndi lomwelo: pulogalamu ya mwana wa ku Matero imatetezedwa ku Japan ndi ku France pa chifukwa chomwechi.

Kodi kampani ikhoza kuzimitsa gemu imene ndinagula kale?

Zachitika kale, ndipo apa m'pamene anthu osewera magemu padziko lonse akukangana kwambiri. The Crew inali gemu ya mpikisano wa magalimoto imene Ubisoft inatulutsa mu 2014. Inkafuna kulumikizana pa intaneti ndi seva, kompyuta yaikulu ya kampaniyo, nthawi zonse, ngakhale ukusewera wekha. Mu Disembala 2023 anasiya kuigulitsa, ndipo pa 31 Malichi 2024 anazimitsa maseva. Amene anali ndi disiki m'manja anatsala ndi chimbale chopanda ntchito.

Ross Scott, munthu wopanga mavidiyo pa YouTube, anayambitsa gulu la Stop Killing Games mu Epulo 2024. Pofika Julaye 2025 pempho lawo ku European Union linali litasainidwa ndi anthu opitirira 1 miliyoni. Sakupempha kuti kampani izilipirira maseva mpaka kalekale. Akuti ikafuna kuchoka, isiye gemu ikugwira ntchito, kaya poisewera popanda intaneti kaya polola osewera kudziikira maseva awo.

Makampani nawo ali ndi mawu. Maseva amadya ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo magalimoto, nyimbo ndi mayina a osewera mpira amene ali m'gemu amakhala obwereka kwa eni ake kwa zaka zowerengeka. Anyamata a ku Chawama gemu ya mpira amaitcha FIFA mpaka lero, koma pangano la EA, kampani yoipanga, ndi bungwe la FIFA litatha dzina linasintha kukhala EA Sports FC mu 2023, ndipo magemu akale a FIFA anachotsedwa m'masitolo a pa intaneti. Choncho ngakhale kampani yaikulu imakhala pa laisensi ya wina.

Mfundo yawo ndikuimva, koma ine ndili kumbali ya osewera. Munthu wa ku Europe gemu yake ikafa amagula ina. Kuno mwana amasunga ndalama miyezi ingapo kuti apeze gemu imodzi, kenaka agulenso mabandulo oidawunilodera usiku wonse, magetsi akuzimazima. Gemu yofuna intaneti pomwe ukusewera wekha imatilanga kawiri. Ndipo n'zotheka kuchita bwino: phokoso litakula, Ubisoft yomweyo inalengeza kuti The Crew 2 idzakhala ndi njira yoseweredwa popanda intaneti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Musanalipire funsani ngati gemuyo imatseguka intaneti itazimitsidwa. Pa kompyuta, sitolo ya GOG imakupatsani fayilo yoikira gemu imene mungasunge pa flashi yanu.

Ndingagulitse gemu imene ndamaliza kusewera?

Ngati ili pa disiki yeniyeni, simukupanga kope lina, mukungopereka lomwe munagula, ndipo ndi mmene madisiki akale amayendera m'misika yathu. Ya pa akaunti ndi nkhani ina. Malamulo a Steam, PlayStation ndi Xbox salola kugulitsa akaunti. Khoti lalikulu la European Union linagamula mu 2012, pa mlandu wa UsedSoft ndi Oracle, kuti laisensi yopanda malire a nthawi ya pulogalamu yodawuniloda ikhoza kugulitsidwanso, koma chigamulo chimenecho ndi cha ku Europe, sichimanga makhoti a kuno.

Pa maakaunti ogula kwa munthu wosamudziwa ndikuchondererani. Mwezi watha anabwera mnyamata wa ku Mtendere atanyamula PS4 m'chikwama cha kusukulu. Anatumiza ndalama pa foni kwa munthu amene anamulonjeza akaunti ya magemu khumi. Anasewera masabata awiri, tsiku lina pa gemu iliyonse panaoneka kachizindikiro ka loko. Wogulitsa uja anali atasintha pasiwedi, ndipo nambala yake sinkalowanso. Mnyamatayo anaimirira pa kauntala akundiyang'ana kuti ndikonze, koma makinawo analibe vuto lililonse. Kukadandaula kukampani sakanatha, chifukwa akauntiyo sinali m'dzina lake.

Nanga kubwerekana magemu pabanja?

Ziliko njira zololedwa. Steam Families imalola anthu okwana 6 a nyumba imodzi kugawana magemu, ndipo pa PlayStation ndi Xbox onse osewera pa makina amene mwawasankha kuti ndi a panyumba amasewera magemu a mwini akaunti.

Ndili ndi kantemba, ana amalipira kuti asewere. Ndikulakwa?

Ili ndi funso la mng'ono wanga, ndipo ndinamuyankha mosabisa. Laisensi imene imabwera ndi gemu wamba imati ndi yosewera munthu payekha, osati yopangira ndalama. Choncho ngakhale disiki ili yeniyeni, pangano la kampani mwalipyola. Valve, kampani ya eni Steam, ili ndi pulogalamu ya Steam PC Café ya malo otere, koma imeneyo ndi ya makompyuta.

Tisasakanize zinthu ziwiri. Kupyola pangano la kampani ndi nkhani ya pakati pa inu ndi kampaniyo. Kukhala ndi makina otyoledwa chitetezo chake, odzaza magemu 50 okopera pa hadi diraivi, n'kumalipiritsa anthu kapena kuwakoperako pa flashi, ndiko kumene lamulo la 1994 limakutcha mlandu. Ndinamuuza kuti, "Iwe, magemu amene ana amafuna ndi atatu okha, mpira, ndewu ndi magalimoto. Gula enieni atatuwo, usunge malisiti." Anachita zimenezo, ndipo makina ake tsopano amalowa pa intaneti popanda mantha oti atsekedwa.

Ndikanakonda makampani akanakhala ndi laisensi yotchipa ya tuntemba totere. Kumeneko n'kumene ana ambiri a m'komboni amagwirira makina a magemu koyamba, ndipo ena mwa iwo ndiwo adzagule awo akadzakula.

Windows ndi Office za crack, zotyoledwa kuti zigwire ntchito popanda kulipira laisensi, aliyense akugwiritsa ntchito. Vuto lili pati?

Ndikudziwa chifukwa chake. Mitengo imaikidwa m'madola, ife timalandira makwacha, ndipo kuyambira 2013 Adobe inasiya kutulutsa Photoshop yatsopano yogula kamodzi, n'kuyamba kulipiritsa mwezi ndi mwezi. Sindinyoza wophunzira wa ku UNZA amene akufuna kungolemba asainimenti.

Koma taonani mmene crack imalowera. Malangizo ake oyamba amati zimitsani antivayirasi. Mukatero mwatsegula chitseko n'kupatsa mlendo makiyi a nyumba yonse. Mayi wina wa bizinesi yosindikiza makadi a ukwati ku Kamwala anandibweretsera kompyuta imene mafayilo onse anali atasintha mayina, pa sikirini pali uthenga wofuna ndalama kuti awatsegule. Ntchito ya zaka zitatu, ndi makadi a ukwati wa Loweruka lomwelo. Anakhala pa benchi yanga mpaka madzulo, manja ali m'masaya. Tinapulumutsa zochepa zokha zimene anatumizirapo makasitomala pa WhatsApp. Chiyambi chake chinali pulogalamu ya crack imene wantchito wake anaika.

Ma kiyi otchipa kwambiri ogulitsidwa pa intaneti nawonso chenjerani nawo. Ambiri ndi ochotsedwa pa malaisensi a masukulu ndi makampani, ndipo akatsekedwa simubwezeredwa kanthu.

Ndilibe ndalama ya laisensi. Ndichite chiyani?

Alipo mapulogalamu amene eni ake analoleza aliyense kuwagwiritsa ntchito. LibreOffice imatsegula ndi kusunga mafayilo a Word ndi Excel. GIMP ndi Krita ndi za zithunzi, Blender ndi ya makatuni, VLC ndi ya mavidiyo. Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo malaputopu ambiri akale amene timagula kuno sakwanitsa zofunika za Windows 11, monga kachipangizo ka TPM 2.0. Otere ndimawaikira Linux Mint kapena Ubuntu m'malo mwa Windows, ndipo amayenda bwino. Sabata yoyamba munthu amasokonezeka, kenaka amazolowera.

Amenewanso ali ndi laisensi. Ya GPL, imene Richard Stallman analemba mu 1989, imakulolani kukopera, kusintha ngakhale kugulitsa, bola mukagawira ena muwapatsenso malangizo ake olembedwa pansi pa laisensi yomweyo. Ndi chifukwa chake gemu ya Doom ya 1993 ikuseweredwabe pa makina atsopano: eni ake anatulutsa malangizo ake mu 1997 n'kuwaika pa GPL mu 1999, ngakhale zithunzi ndi nyimbo zake zikadali zogula.

Ndalembera sukulu ina pulogalamu yowerengera mafizi. Mwiniwake ndani, ine kapena iwo?

Ufulu wa copyright umayamba pamene mwailemba, osadikira kulembetsa. Kulembetsa ku PACRA kumakuthandizani kukhala ndi umboni wa tsiku mukadzakangana ndi munthu. Ngati munailemba muli pa ntchito yolembedwa, monga mbali ya ntchitoyo, nthawi zambiri imakhala ya abwana.

Pa ntchito ya ganyu m'pamene achinyamata athu amalira. Amapangana pakamwa, amalandira ndalama kamodzi, kenaka amapeza pulogalamu yawo ikugwira ntchito m'masukulu ena asanu amene sanalipire kanthu. Musanalembe mzere woyamba, lembani pepala ndipo nonse musaine. Linene ngati mukugulitsa pulogalamu yonse kapena mukupereka chilolezo chokha, makompyuta angati, kwa zaka zingati, ndani adzasunge malangizo olembedwawo, ndiponso ndani adzakonze ikadzavuta ndi pa mtengo wanji. Muikemonso mzere umene eni The Crew sanaike: mukadzasiya kuisamalira, sukuluyo idzapitiriza bwanji kuigwiritsa ntchito, ndipo idzatulutsa bwanji mayina a ana ndi ndalama zimene makolo analipira.