Musanagule modeler, dziwani kaye kumene mawu akatulukire

Oyimba gitala ambiri muno mu Blantyre alibe ampu yawoyawo. Munthu amakwera minibasi ku Bangwe kapena ku Chirimba gitala ili kumsana, akafika amalumikiza pa zimene wapeza: mikisa ya tchalitchi, masipika obwereka a paukwati, kapena ampu imodzi yotopa imene akulimbirana ndi wa kiyibodi. Kwa munthu wotere kabokosi kotchedwa modeler n'kothandiza zedi. Kamalowa m'chikwama, ndipo kamamulola kunyamula kamvekedwe kake kulikonse. Ine ndimagwira ntchito pa mikisa, choncho timabokosi timeneti ndimatimva tikafika kale m'masipika, pamene wogulitsa palibe.

Modeler ndi kakompyuta. Kamalandira mawu a gitala, kuwasandutsa manambala, kuwerengera mmene ampu inayake ikanawasinthira, n'kuwabwezanso kukhala mawu, zonsezi m'kanthawi koti khutu silizindikira. Kampani ya ku America ya Line 6 ndiyo inatchukitsa zimenezi ndi kabokosi kofiira ka POD m'chaka cha 1998. Mu 2011 kampani ya ku Germany ya Kemper inabweretsa njira ina: makinawo amamvetsera ampu yeniyeni ikulira n'kukopera kamvekedwe kake. Quad Cortex ya ku Finland ndi TONEX ya ku Italy zimatsata njira yomweyi yokopera. Lero kuli mabokosi a madola opitirira 1,500, kulinso osakwana madola 200 monga Zoom G1X Four ndi angapo ochokera ku China a mayina ngati Mooer, NUX ndi Valeton.

Wogula koyamba amakonda kufunsa kuti, "Muli ma ampu angati?" Funso limeneli silikuthandizani. Woyimba aliyense amene ndimamudziwa, ngakhale bokosi lake likhale ndi ma ampu 100, pa siteji amagwiritsa ntchito awiri kapena atatu. Funso loyenera n'lakuti mawuwo akachoka m'bokosi akupita kuti.

Ngati akupita ku mikisa, ndipo kwa ambiri a inu ndi mmene zilili, chinthu chofunika kuposa zonse ndi gawo lotsanzira sipika, limene pa menyu amalilemba kuti cab kapena IR. Sipika ya ampu ya gitala situlutsa mawu onse. Mawu akuthwa opitirira pafupifupi 5,000 Hz imawadula, ndipo kulephera kumeneku ndiko kumakometsa gitala ya magetsi. Masipika a tchalitchi ali ndi tweeter, ntchito yake n'kutulutsa mawu akuthwa omwewo. Mukalowetsa gitala ya distortion, mawu aja osweka a nyimbo za rock, popanda cab, imalira ngati mavu otsekeredwa m'botolo, ndipo mpingo wonse umatembenukira kwa wa pa mikisa. IR ndi kafayilo kamene kanajambulidwa kuchokera ku sipika yeniyeni ndi maikolofoni yeniyeni. Mabokosi ambiri atsopano, ngakhale otchipa ngati Mooer GE150 ndi Valeton GP-100, amalola kuikamo ma IR anuanu kudzera pa USB. Ichi ndimachiwerengera kwambiri, chifukwa kusintha IR kumasintha mawu kuposa kusintha ampu.

Kenako tembenuzani bokosilo muone kumbuyo. Mikisa ikakhala kumbuyo kwa holo, mtunda wa mamita 20 kapena 30, chingwe wamba cha gitala chimatola phokoso m'njira. Pamafunika chotulutsira cha balanced, chomwe chimaletsa phokosolo, kaya cha XLR chija cha maikolofoni kapena cha TRS. Valeton GP-200 ili ndi XLR, POD Go ili ndi TRS. Boss GT-1 ilibe zonsezi, koma si chifukwa choikanira: mumangowonjezera DI box, kabokosi kosandutsa mawu a chingwe wamba kukhala a balanced, yomwe nthawi zambiri imakhalanso ndi kabatani ka ground lift kothetsa kung'ung'uza kobwera pamene zida zalumikizidwa m'masoketi osiyana. Muwerengeretu mtengo wake. Ndipo musanalumikize XLR mufunseni wa pa mikisa ngati 48V ya maikolofoni yazimitsidwa pa tchanelo chanu, poti opanga ena, monga Line 6 pa Helix, amachenjeza kuti isafike ku bokosilo.

Amene muli ndi ampu ya gitala kale, chitani zosiyana: zimitsani cab, chifukwa sipika yeniyeni ilipo. Mukaisiya yoyatsa mawu amadulidwa kawiri, n'kumamveka ofunditsidwa. Ampu ikakhala ndi kolowera kolembedwa Return kumbuyo, lowani pamenepo. Ampu ya kiyibodi yokha muitenge ngati masipika a tchalitchi, cab ikhale yoyatsa.

Tsopano nyimbo zathu. Makanema ambiri oyesa zida zimenezi pa YouTube amapangidwa ndi oyimba rock ndi metal, ndipo theka la nthawi amakangana za distortion. Ife zathu n'zina. Sebene ya nyimbo zauzimu, rhumba, sungura, rege ya ku Chileka, zonsezi zimadalira gitala yoyera, yomveka chingwe chimodzichimodzi, yothiridwa pang'ono chorus (yomveketsa gitala ngati ziwiri) ndi delay (yobwereza mawu). Apa ndipo pali mwayi wathu, chifukwa mawu oyera ndi amene mabokosi otchipa amawakwanitsa bwino. Pamene okwera mtengo amapambana ndi pa mawu ongoyamba kumene kusweka, aja amasintha malinga ndi mmene mwakhudzira chingwe. Poyesa, funani ampu yotsanzira Roland JC-120, yomwe inatuluka mu 1975 ndipo imadziwika ndi chorus yake, kapena Fender Twin Reverb. Ikani compressor, yolinganiza mphamvu ya manotsi, patsogolo, muyimbe sebene yothamanga, mumve ngati manotsi akutuluka molingana. Onaninso ngati pali tap tempo, yoti muponde ndi phazi kuti delay igwirizane ndi wa ng'oma. Wa ng'oma wa pa mapemphero a usiku wonse sathera pa liwiro limene anayambira, ndipo delay yosagwirizana naye imasokoneza bandi yonse.

Magetsi ndi nkhani imene ndemanga za kunja sizitchula n'komwe. Athu ndi a 230V, 50 Hz, pulagi ya mano atatu. Bokosi logulidwa ku America likhoza kubwera ndi adaputa ya 120V yokha, ndiye werengani palembedwa kuti 100-240V musanalowetse m'soketi. Adaputa ikatayika musangotola iliyonse yolembedwa 9V mumsika wa Limbe. Pali zinthu ziwiri zoti zigwirizane: mphamvu ya ma mA, ndi mbali ya waya, chifukwa zida zambiri za gitala zimafuna negative pakati pamene ma adaputa ambiri a m'nyumba ali ndi positive pakati. Kulakwitsa pamenepa kumatha kuwotcha bokosi. Modeler ya HX Stomp imabwera ndi adaputa ya 3A, yoti ya pedal wamba siingalowe m'malo mwake. Kumene magetsi amathimathima ndipo jenereta imakwera n'kutsika, surge protector yabwino ndi yotchipa kuposa bokosi latsopano. Apa GT-1 ndi G1X Four zili ndi ubwino umene zodula zilibe: zimayenda ndi mabatire anayi a AA. Magetsi akathima mumapitiriza kuphunzira ndi mahedifoni, ndipo batire silibweretsa kung'ung'uza.

Zopondera, mabatani aja oponda ndi phazi, ziwerengeni. Bokosi la zopondera ziwiri, china chokwerera china chotsikira, limakuvutani mukafuna kuchoka pa rizimu kupita pa solo pakati pa nyimbo pamene ma preset awiriwo, kutanthauza kamvekedwe kamene munasunga m'bokosi, ali motalikirana. Zitatu kapena zinayi n'zokwanira. Mabokosi ena amadula mawu kanthawi kochepa posintha preset. Yesani mukuyimba, mumve ngati mungapirire. Onaninso ngati mungachepetse treble ndi dzanja pa bokosi pomwepo osafuna laputopu, poti nthawi yoyesa zida muno imakhala mphindi zochepa anthu atayamba kale kulowa.

Za kugula. Zida zimenezi zambiri zimabwera ndi anthu ochokera ku Johannesburg kapena zoitanitsa pa intaneti, ndipo pamwamba pa mtengo pali kunyamula ndi msonkho wa MRA. Chichokereni mu November 2023 pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti, chilichonse cha madola chimaluma. Choncho zogwiritsidwa kale ntchito si zochititsa manyazi. Modeler sikalamba mawu ngati mmene ampu ya ma valve imachitira; chimene chimatha ndi zopondera, molowera zingwe ndi chopondera cha volume chija. Pondani chilichonse kangapo, gwedezani chingwe chili cholowetsa mumve ngati pakutheketa, lumikizani USB pa laputopu muone ngati ikuizindikira, ndipo adaputa yake yeniyeni ikhale pomwepo. USB imeneyo pa mabokosi ambiri imagwiranso ntchito yojambulira gitala pa kompyuta, zomwe zimakupulumutsani ndalama ya audio interface, chida cholumikizira gitala ku kompyuta.

Ndikadakhala ndi ndalama yokwana bokosi limodzi lapakatikati, ndikadagula lotsikirapo, yotsalayo n'kugulira DI box, zingwe ziwiri zabwino ndi mahedifoni odalirika. Ena anditsutsa, makamaka ojambula mu situdiyo, ndipo kumeneko akunena zoona, chifukwa kusiyana kumamveka. Koma m'holo ya malata ndi makoma a simenti, masipika ali pa mitengo, kusiyana kwa bokosi la madola 200 ndi la madola 1,500 kumamizidwa ndi kamangidwe ka holoyo.

Likafika, ma preset amene labwera nawo musawakhulupirire. Anawapanga kuti akope munthu m'sitolo: reverb yambiri, besi yambiri. Khutu la munthu silimva besi ndi treble mofanana mawu akakhala otsika, ndiye preset yokoma usiku pa mahedifoni imalasa m'makutu ikakwezedwa Lamlungu. Pemphani ola limodzi pakati pa mlungu m'tchalitchi mwanu, masipika atakwezedwa mmene amakhalira pa mapemphero. Dulani besi pansi pa 100 Hz kuti musalimbane ndi wa besi gitala, dulani akuthwa cha m'ma 6,000 mpaka 7,000 Hz, reverb muichepetse poti holo ili nayo kale. Pangani ma preset atatu, rizimu, sebene ndi solo, muwaike moyandikana, ndipo wa pa mikisa aone pa mita kuti mphamvu zawo zikufanana, solo yokha ikwereko pang'ono.