Zigawenga zili m'phiri, koma yang'anirani apolisi a m'tsinde

Kukangomveka kuti kwinakwake zigawenga zabisala m'mapiri, pawailesi ndi pa Facebook pamadzadza akatswiri osaphunzira ntchito: "Apolisi apatsidwe mphamvu zonse, asamafunsidwe mafunso, akawasese basi." Ine ndakalambira pa ntchito yoyang'anira apolisi anzanga, ndipo mawu amenewa andifika pakhosi. Wapolisi wosafunsidwa mafunso ndiye amatalikitsa nkhondo. Amene akukana akafunse ku Kenya.

Atsamunda atalengeza lamulo la nthawi ya chipwirikiti pa 20 October 1952, ankhondo a Mau Mau, gulu la Akenya limene linaukira atsamunda, analowa m'nkhalango za mapiri a Aberdare ndi phiri la Kenya. Kumtunda kuja kuli nsungwi zothithikana, zigwembe, chisanu ndi nkhungu yoti mnzako ali pafupi koma osamuona. Angerezi anabweretsa ndege za Lincoln n'kumaponya mabomba, koma ndege siiona munthu amene wagona m'phanga.

Chimene olankhula aja sadziwa n'chakuti munthu wa m'phiri salima. Ufa, mankhwala, zipolopolo ndi uthenga zimachokera m'midzi ya m'tsinde, nthawi zambiri pamsana pa amayi. Nkhondo yeniyeni imakhala kumeneko, ndipo amene amaimenya si akuluakulu a kulikulu, koma timagulu ta apolisi ndi alonda a m'midzi, amene ku Kenya ankatchedwa Home Guard. Taganizirani mnyamata wa mfuti pa kapolisi kakutali, msewu wadulidwa ndi mvula, bwana wake samuona mwezi wathunthu, usiku akugona ndi mantha. Mu March 1953 a Mau Mau anapha anthu ambiri ku Lari, usiku womwewo n'kuthyola polisi ya Naivasha ndi kutenga mfuti. Mnyamata uja akamva zotere, aliyense wa m'mudzi amasanduka mdani. Mukamusiya yekha, ayamba kumenya.

Ndiye mkulu wina, pofuna kuonetsa kuti ntchito ikuyenda, amayamba kuwerenga mitembo. Apa ndiye pamaonongekera zonse. Magulu ena a asilikali ankapikisana kuti apha angati, ndipo pa mlandu wa Captain Griffiths wa King's African Rifles khoti linamva kuti ankapereka mashiling'i 5 pa munthu wophedwa. Ku Chuka, mu June 1953, asilikali ake anapha anthu pafupifupi 20, ambiri mwa iwo a Home Guard, a mbali ya boma lomwelo. General Erskine, mkulu wa asilikali a Angerezi ku Kenya, analetsa mpikisanowo. Mtembo suyankhula, sungakuuze ngati unali wa chigawenga kapena wa mlimi wochokera kumunda.

Koma nkhani imene imandipwetekabe mtima ndi ya Arthur Young. Ameneyu anali mkulu wa apolisi a City of London, anagwirako ntchito m'dziko la Malaya (lero mbali ya Malaysia), ndipo mu 1954 anatumizidwa ku Kenya kukakhala komishinala. Chimene ankafuna sichinali chachilendo: wapolisi aziopa lamulo, osati DC, ndipo munthu akafera m'manja mwa alonda, pazitsegulidwa doketi. Ofufuza ake anasonkhanitsa umboni wa kumenya ndi kupha kumene ankachita a Home Guard ndi mafumu ena. Boma la bwanamkubwa Evelyn Baring linkati kuwazenga milandu anthu otere kuwafooketsa pa nkhondo. Young anatula pansi udindo mu December 1954, chaka chisanathe n'komwe. Mwezi wotsatira boma linakhululukira milandu ya anthu ake onsewo. Uthenga unafika pa kapolisi kalikonse: chita zimene ufuna, palibe adzakufunse.

Zotsatira zake zinaonekera poyera pa 3 March 1959, tsiku lomwe kwathu kuno timakumbukira amene anaphedwa ku Nkhata Bay. Ku msasa wa akaidi wa Hola ku Kenya, alonda anamenya akaidi 11 mpaka kufa, ndipo akuluakulu poyamba ananena kuti afa atamwa madzi. Mu 2013 boma la Britain linavomera kupereka chipepeso cha mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 amene anazunzidwa.

Wina anena kuti, "Komatu Angerezi anapambana." Inde, Dedan Kimathi, mtsogoleri wa ankhondo a Mau Mau, anagwidwa mu October 1956 n'kunyongedwa mu February 1957. Koma amene anamulondola anali anzake akale odziwa tinjira ta m'nkhalango, osati mabomba. Ndipo kupambana kwake kunali kotani, anthu oposa miliyoni atasamutsidwira m'midzi ya mpanda, oposa 1,000 atanyongedwa, kenako 1963 atsamunda n'kunyamula katundu?

Kwa inu a sajeni ndi ma insipekitala amene mungadzapatsidwe dera lotere, ntchito yanu si kukwera phiri tsiku ndi tsiku. Fikani pa kapolisi kanu mosauza munthu, ngakhale pa matope. Tsegulitsani chitokosi muone nokha misana ya amene ali m'katimo. Werengani zipolopolo, muziyerekeze ndi zimene zalembedwa mu OB, buku lolembamo zochitika pa polisi. Mukacheze ndi amfumu ndi amayi a kuchitsime anyamata anu ali patali, ndipo amene wakhalitsa kumalo koopsa mumusinthe asanaume mtima.

Makamaka, musazengereze dandaulo loyamba, ngakhale likhale la mbuzi yolandidwa kapena mbama imodzi. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Mukati tiona nkhondo ikatha, mboni zithawa, mtembo uikidwa dokotala asanauone, ndipo mnyamata wanu aphunzira kuti palibe chimachitika. Mayi amene akanakuuzani njira yodzera zigawenga asiya kukulonjerani, ndipo mwana wake amene munamumenya uja mudzakumana naye kumtunda, ali ndi mfuti.