Dzina la Öztürk ndi lamulo la 1934 limene linalifalitsa

Öztürk ndi limodzi mwa mayina khumi a mabanja ofala kwambiri ku Turkey. Mawu akuti öz amatanthauza chenicheni, chopanda kusakaniza, ndipo Türk ndi dzina la mtundu. Choncho dzinali likunena kuti mwini wake ndi Mturk weniweni. Koma wolimva asafulumire kuganiza kuti ndi mfunda wochokera kwa makolo akalekale.

Mu ufumu wa Ottoman, umene unkalamulira deralo dziko latsopano la Turkey lisanakhazikitsidwe, Asilamu ambiri analibe dzina la banja lolembedwa m'kaundula. Munthu ankadziwika ndi dzina la bambo ake, ntchito yake, kwawo, kapena dzina laulemu monga Bey, Efendi ndi Paşa. Pa 21 Juni 1934 nyumba ya malamulo ku Ankara inakhazikitsa lamulo nambala 2525, lolamula banja lililonse kusankha dzina pasanathe zaka ziwiri. Pulezidenti wa dzikolo, Mustafa Kemal, anapatsidwa lake la Atatürk mu Novembala chaka chomwecho, ndipo ena onse analetsedwa kulitenga.

Gawo lachitatu la lamulolo ndi limene likutiuza zambiri. Linaletsa mayina a maudindo, a mafuko ndi a mitundu yachilendo. Malangizo otsatira anakananso mapeto a mayina a mitundu ina monga -yan, -of, -viç ndi -pulos. Dzina lotchula mtundu wa Kurd, Arnavut (anthu ochokera ku Albania) kapena Çerkes (anthu ochokera ku mapiri a Caucasus) linatsekeredwa khomo, pamene lotchula Türk linali lololedwa ndiponso losangalatsa boma. N'chifukwa chake Öztürk, Türkoğlu, Şentürk ndi Ertürk anachuluka m'zaka zochepa. Ena anawasankha monyadira dziko latsopanolo, ena pofuna mtendere ndi boma, ndipo ochedwa kusankha ankangopatsidwa dzina ndi akuluakulu a boma. N'zomvetsa chisoni kuti mabanja ambiri anataya motero dzina limene linkasonyeza kumene anachokera.

Wofufuza mbiri ya banja amasochera pomwepa. Anthu awiri otchedwa Öztürk, wina wa ku Trabzon wina wa ku Konya, kawirikawiri alibe ubale uliwonse, ndipo m'mabuku a chaka cha 1934 chisanafike dzinali silingakutsogolereni. Chofunika ndi mudzi, chigawo ndi dzina la agogo aamuna. Kuyambira mu Febuluwale 2018 nzika za Turkey zimatha kuona mndandanda wa makolo awo pa e-Devlet, tsamba la boma la pa intaneti, ndipo ena umawafikitsa m'zaka za m'ma 1800. Kunja kwa dzikolo timadontho ta pa Ö ndi ü timasowa, choncho ku Germany, kumene ambiri anapita kukagwira ntchito kuyambira 1961, fufuzaninso Ozturk ndi Oeztuerk.