Mpikisano wa zombo zam'mlengalenga: yambani ndi lamulo la magetsi

Mpikisano umene ambiri amauwerenga kuti ndi woyamba pa masewera a pa kompyuta unali wa zombo zam'mlengalenga. Unachitika pa 19 Okutobala 1972 pa yunivesite ya Stanford ku America, pa sewero lotchedwa Spacewar! limene linapangidwa ku yunivesite ya MIT mu 1962, ndipo mphoto yake inali kulandira magazini ya Rolling Stone chaka chathunthu. Opikisanawo anali m'chipinda chimodzi, pa kompyuta imodzi. Ife kuno zathu n'zina. Wosewera wina ali pa Dedza Boma, wina ku Linthipe, wina ku Lizulu, wina ndi mwana wakwathu amene akugwira ntchito ku Johannesburg, aliyense pa laini yake ya magetsi ndi netiweki yake. Wokonza mpikisano wotere ntchito yake yaikulu imakhala papepala, sewero loyamba lisanayambe.

Ndipereka chitsanzo cha EVE Online, sewero la kampani ya CCP Games ya ku Reykjavik m'dziko la Iceland. Linatuluka mu 2003, ndipo kuyambira mu 2016 munthu atha kulisewera osalipira, ngakhale kuti zombo zimene amaloledwa kuyendetsa zimakhala zochepa. Ndalisankha pa chifukwa chimene ambiri sachidziwa. Seva ya EVE, kompyuta yaikulu imene osewera onse amalumikizidwako, imawerengetsa zochitika kamodzi pa sekondi iliyonse. M'masewera owomberana amene amafuna dzanja lothamanga, munthu wa ku Bembeke amakhala wagonja kale asanayambe, chifukwa lamulo lililonse limene wadina liyenera kuyenda ulendo wokafika ku Ulaya n'kubwerera, pamene mnzake wa ku Germany ali pakhomo pa seva. Mu EVE kuchedwa kwa kachigawo ka sekondi sikupweteka kwambiri. Chimene chimapambanitsa ndi nzeru: kusankha chombo, kusunga mtunda woyenera ndi mdani, ndi kumvera kaputeni. Komanso pomenyana anthu ochepa bandulo siitha msanga. Chimene chimadya bandulo ndi kukopera sewerolo koyamba, choncho uzani anthu amalize zimenezo kukadali sabata, osati m'mawa wa tsiku la mpikisano.

Kenako werengani masewero. Matimu akakhala 8 ndipo wogonja akutulukiratu, masewero onse ndi 7. Mukafuna kuti timu ituluke ikagonja kawiri, akhala 14 kapena 15. Mukati timu iliyonse ikumane ndi inzake iliyonse, afika 28. Nkhondo yeniyeni itha kutenga mphindi 10 zokha, koma kusonkhanitsa anthu, kuyendera zombo ndi kudikira amene akuti "ndikubwera, ndikungogula bandulo" kumafikitsa sewero limodzi pa theka la ola. Masewero 28 ndiye maola 14. Palibe angapirire. Kwa ife ndimakonda njira yogonja kawiri, chifukwa timu yabwino imene yagwa ndi netiweki m'ndime yoyamba imakhalabe ndi mpata. Matimu akakhala 6, awiri adzadutsa ndime yoyamba osasewera. Chitani maere anthu onse akuona kuti pasadzakhale mawu oti munakondera. Mawebusaiti ngati Challonge amajambula ndandanda yonseyi mwaulere.

Tsopano lamulo limene limapha mipikisano yambiri. Chimachitika n'chiyani wosewera akaduka pakati pa nkhondo?

Muyenera kudziwa kaye mmene sewerolo limachitira. Mu EVE, munthu akaduka chombo chake sichizimiririka pomwepo. Chimayesa kuthawa chokha, koma ngati mdani wachigwira ndi chida choletsa kuthawa chimangokhala pomwepo, chopanda mwini, n'kumalandira zipolopolo. Amene wangomenyana kumene ndi wosewera mnzake, chombo chake chimatsala m'mlengalenga kwa mphindi 15 iye atachoka. Ndiye kuduka n'chilango kale. Funso ndi lakuti, kodi sewero libwerezedwe?

Yankho langa n'lakuti ayi, ndipo ndikudziwa kuti likumveka lankhanza kwa munthu amene magetsi amuzimira popanda kulakwa kwake. Koma taganizani timu imene yataya zombo ziwiri mwa zitatu, wotsalayo akuona kuti zake zada. Akudziwa kuti akaduka sewero liyambiranso. Chala chake chili pafupi ndi batani la hotspot pa foni. Inu muli ku Ntcheu, iye ali ku Lobi; mudzadziwa bwanji kuti ndi magetsi kapena ndi chala? Simungadziwe, ndipo mukayamba kuweruza nkhani zotere imodziimodzi, aliyense wogonja adzabwera ndi yake. Lembani motere: woyimbira asanayambe kuwerenga manambala oyambitsira nkhondo, timu ili ndi mphindi 10 zodikira munthu wake kapena kulowetsa wapabenchi amene analembetsedwa kale, zikatha, isewere operewera kapena ipereke mapointi. Chipolopolo choyamba chikangotuluka, sewero silimaima. Woduka akabwerera chombo chake chikadali m'bwalo, apitirize. Kubwereza kukhalepo pokhapokha ngati waduka ndi woyimbira, kapena seva yeniyeniyo yagwa.

Lamulo louma chonchi limakakamiza matimu kukonzekera, ndipo n'zimene mukufuna. Wa laputopu ali pabwino kuposa wa desktop chifukwa batire limamugwirira. Rauta ikhale pa power bank kapena pa sola. Foni yachiwiri ikhale pambali ndi laini ya kampani ina, ya TNM ngati yoyamba ndi ya Airtel, bandulo itagulidwa kale. Timu imene yasonkhana m'nyumba imodzi imamvana bwino, koma idziwe kuti ikaduka idukira limodzi. Nanunso wokonza musaike mpikisano pakati pa dzinja, pamene mvula yamabingu imagwetsa mapolo ndi kusokoneza netiweki. Miyezi yopanda mvula ndiyo yabwino, kungoti a ku Dedza mu Juni ndi Julaye amasewera zala zitauma ndi chisanu. Pewaninso masabata a mayeso a Fomu 4, apo ayi mudzayambana ndi makolo.

Za nthawi pali msampha. Wotchi ya m'kati mwa EVE imayendera UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo mawotchi, ndipo Malawi ali patsogolo ndi maola awiri. Mukalemba "18:00" osanena kuti ndi ya kuti, theka la anthu lidzafika 6 koloko madzulo, ena 8 koloko usiku. Lembani zonse ziwiri nthawi iliyonse. Kumbukiraninso kuti seva imatsekedwa kwa kanthawi tsiku ndi tsiku pa 11:00 UTC, imene kwathu kuno ndi 1 koloko masana. Musaike sewero pamenepo.

Nanga zombo? Mpikisano waukulu wa CCP, wotchedwa Alliance Tournament, umene unayamba mu 2005, umapatsa mtundu uliwonse wa chombo mtengo wake wa mapointi, ndipo timu siiloledwa kupyola malire amene aikidwa. Ukatenga chombo chachikulu chimodzi, anzako akwera tating'ono. Makaputeni amaloledwanso kuletsa zombo zingapo sewero lisanayambe. Nzeru yake ndi yabwino, koma pa mpikisano woyamba musadzisenzetse zonsezo. Nenani kuti atatu atatu, tizombo tating'ono totchedwa frigate ta Tech I (mtundu wamba wotchipa), zida wamba. Motero amene wasewera zaka zisanu sangapondereze wa miyezi iwiri ndi chuma chokha. Dziwaninso kuti mu EVE chombo chikaphulika chapita, sichibwerera. Timu imene ikafike ku fainolo ifunika zombo zingapo zokonzeratu, zogulidwa ku Jita, msika waukulu wa m'seweroli, n'kuzisamutsira pafupi ndi bwalo tsiku lisanafike.

Bwalolo lisankheni mosamala. M'madera otetezedwa, apolisi a m'seweroli otchedwa CONCORD amaphulitsa aliyense wowombera mnzake popanda chilolezo, ndiye mpikisano ungathe usanayambe. Njira yake ndi kulowetsa osewera onse mu corporation imodzi (gulu la osewera la m'seweroli) imene yatsegula friendly fire, ndiko kulola mamembala ake kuwomberana. Mukapita kumadera opanda chitetezo CONCORD kulibe, koma kuli anthu osawadziwa amene angakugwereni pakati pa sewero ngati ng'ombe zolowa m'bwalo la bonanza. Ku Alliance Tournament malire a bwalo ndi makilomita 125 kuchokera pakati, ndipo wodutsa amaphulitsidwa. Inu mulibe mphamvu imeneyo, koma woyimbira atha kuimika chombo chake pakati penipeni, chimene aliyense waletsedwa kuchiwombera, maso ali pa overview, mndandanda wa pa sikirini pamene pamaoneka mtunda wa chombo chilichonse. Nambala ya wina ikapyola malire, amutchula dzina pa Discord, pulogalamu yolankhulirana pa intaneti, kuti watuluka. Asanawerenge "teni, naini, eyiti", woyimbira ayambe waona zida za chombo chilichonse, kaputeni atamutumizira fit yake, ndiye kuti mndandanda wa zidazo. Woyimbirayo asakhale ndi timu, ndipo asakhale mchimwene wa kaputeni aliyense.

Umboni ndi wosavuta. Chombo chilichonse chikaphulika sewerolo limatulutsa lipoti lotchedwa killmail losonyeza amene wachiwombera, nthawi yake ndi zida zimene chinanyamula. Amene anabisa chida choletsedwa amagwidwa pamenepo. Madandaulo abwere kudzera kwa kaputeni yekha, pasanathe mphindi 15 sewero litatha, ndi chithunzi cha sikirini. Gulu la WhatsApp lolengezera zotsatira likhale loti olemba ndi ma admin okha. Mikangano ipite ku gulu lina.

Ndalama ndizo zimadanitsa anthu ngakhale zichepe bwanji. Ngati pali ya kalembera, ilowe pa nambala imodzi ya Mpamba kapena Airtel Money, ndipo mndandanda wa olipira ukhale poyera. Nenani kalembera asanatsekedwe kuti woyamba atenga zingati, wachiwiri zingati, ndi zingati zipite ku bandulo ya woyimbira. Mphoto ikakhala ya ISK, ndalama ya m'seweroli, ikhale ya m'sewero momwemo: malamulo a CCP amaletsa kugulitsa ISK ndi ndalama zenizeni, ndipo wogwidwa amatsekeredwa akaunti. Wopambana alandire zake usiku womwewo, uthenga wotsimikiza kuti ndalama yapita muuike pa gulu.