Mphepo yomwe inkaisamalira Opportunity ndi yomwe inadzaimaliza

Ambiri nkhani ya Opportunity amaikumbukira chifukwa cha mawu aja anafala pa Twitter mu Febuluwale 2019, eti kaloboti kameneka ka NASA (bungwe la ku America lofufuza zakuthambo) kali kokhakokha ku Mars katsanzika kuti batire yatsika ndipo kunja kukuda. Anthu analira nawo mawu amenewa, ena mpaka kuwadinda pa malaya. Koma makinawo sanalankhule chonchi ayi. Chomwe anatumiza pa 10 Juni 2018 chinali manambala basi, osonyeza kuti magetsi atsala pang'ono zedi komanso kuti mlengalenga mwadzaza fumbi. Mtolankhani wina wa ku California, Jacob Margolis, ndi amene anamva zimenezi kwa asayansi n'kuziika m'mawu aumunthu, ndipo iye mwini anadzafotokoza pambuyo pake kuti mawuwo anali ake. Kwa ine mbiri yeniyeniyo ndi yokoma kuposa mawu aja.

Anali awiri, mapasa, Spirit ndi Opportunity, onse anapangidwa ku Jet Propulsion Laboratory (JPL), malo a NASA ku Pasadena, California, n'kunyamuka ku Cape Canaveral mu 2003. Spirit inatera koyamba m'chidzenje cha Gusev, Opportunity inatera pa 25 Januwale 2004 mbali ina ya pulanetiyo, pa chidikha chotchedwa Meridiani Planum. Kateredwe kake kanali koseketsa, anaikulunga m'zimatumba za mpweya n'kungoiponya, inanjanja ngati mpira mpaka kukagwera m'kadzenje kakang'ono komwe anadzakatcha Eagle, ndiye makamera atatseguka anangoona miyala yosanjikizana ili pamaso pomwepo, zomwe asayansi ankazifuna zija. Pomwepo anapezanso timipira ting'onoting'ono ta hematite, mwala wokhala ndi chitsulo, tomwe anangotitcha mabulosi, chizindikiro choti kalekale pamalopo panali madzi.

Pulani inali ya masiku 90 a ku Mars basi (tsiku la kumeneko limaposa lathuli ndi mphindi pafupifupi 40). Chifukwa chake chinali fumbi. Galimotoyi, yamateyala 6 komanso yolemera makilogalamu pafupifupi 185, inkadalira sola, ndipo aliyense amene ali ndi sola padenga akudziwa zomwe zimachitika ukakhala osapukuta, koma ku Mars wopukuta ndani? Ndiye ankayembekezera kuti fumbi liziunjikana pang'onopang'ono mpaka batire osadzazanso. Chomwe sanachiwerengere bwino ndi mphepo. Inkangobwera, nthawi zina ngati kamvuluvulu, n'kusesa mapanelo aja, mawa lake mainjiniya n'kuona magetsi akwera okha. Zimenezi zinachitika kambirimbiri ndipo ndi zomwe zinasandutsa miyezi itatu kukhala zaka zoposa 14.

Komatu sikuti inali galimoto yabwinobwino zaka zonsezi. Itangofika kumene, hita ya pa mkono wake inakanirira osazima, inkadya magetsi usiku onse, mpaka anapeza njira yoti aziigoneka tulo tofa nato usiku uliwonse, kuthimitsa pafupifupi chilichonse. Mu Epulo 2005 inatitimira mumchenga mateyala onse, anatcha malowo Purgatory, ndipo zinatenga milungu pafupifupi 5 kuti ituluke, akuyeserera kaye ndi galimoto ina mumchenga ku JPL kenako n'kumatumiza malamulo oti isunthe pang'onopang'ono. Teyala lakutsogolo kumanja linasiya kukhota, mkono unayamba kuuma ngati wa nkhalamba ya nyamakazi, mtunda wautali ankaiyendetsa chafutambuyo pofuna kusunga teyala. Cha m'ma 2014 inayamba kuiwalaiwala, mpaka anasiya kugwiritsa ntchito mbali ya kompyuta yake yosungira zinthu ikathimitsidwa, ndiye zonse zomwe yajambula tsikulo inkayenera kutumiza isanagone, apo ayi zapita. Mnzake Spirit analibe mwayi umenewu, anatitimira mu 2009 osatulukanso, uthenga wake womaliza unafika mu Malichi 2010.

Ndi matenda onsewa Opportunity inakafika ku chidzenje cha Victoria, kenako inayenda zaka zitatu kupita ku Endeavour, chidzenje chotambalala makilomita 22, inafika mu Ogasiti 2011 n'kupezako miyala ya gypsum ndi dongo, umboni wa madzi osakhala a asidi kwambiri. Mu 2014 inaposa mtunda womwe Lunokhod 2, galimoto yangati yomweyi ya Soviet Union, inayenda ku mwezi, mu 2015 inakwanitsa mtunda wa marathon, ndipo pomaliza inali itayenda makilomita 45.16. Ochepa ukaganiza za zaka zake, koma kumbukirani kuti dalaivala anali ku California ndipo uthenga unkatenga mphindi zingapo kuti ufike.

Chimphepo cha fumbi cha mu 2007 inapulumuka. Cha mu 2018 chinali china, chinayamba kumapeto kwa Meyi n'kukuta pulaneti yonse, masana kunada ngati usiku pa Perseverance Valley, m'mphepete mwa Endeavour, pomwe inali. Curiosity, galimoto ina ya NASA yomwe imayendera mphamvu ya plutonium osati sola, inangopitiriza ntchito mbali inayo. Opportunity inangoti zii.

Apa ndi pomwe panabuka kusagwirizana komwe ambiri sakukumbuka. Kumapeto kwa Ogasiti NASA inalengeza kuti fumbi likachepa aiitana mwakhama kwa masiku 45 okha, kenako azingomvetsera. Ena mwa anthu omwe anagwira nayo ntchito sanakondwe ndipo anadandaula poyera, ankati nyengo ya mphepo yosesa ija ibwera kuyambira Novembala mpaka Januwale, ndiye mukusiyiranji isanafike? Anali ndi mfundo ndithu, zaka zonsezi yaipulumutsa ndi mphepo yomweyo. Kumapeto kwa Okutobala NASA inasintha maganizo n'kupitiriza. Anatumiza malamulo oposa 1,000 kudzera pa zimadishi za Deep Space Network, zomwe zili ku Goldstone, Madrid ndi Canberra. Mphepo inabwera n'kupita, yankho kunalibe. Kaya ndi kuzizira komwe kunawononga zamkati batire itatheratu, kaya wotchi yake inasokonekera osadziwanso nthawi yodzuka, mainjiniya ankatchula zonsezi. Pa 13 Febuluwale 2019 Thomas Zurbuchen wa ku NASA, ali limodzi ndi Steve Squyres ndi John Callas omwe ankatsogolera ntchitoyi, analengeza kuti yatha.

Chithunzi chomaliza chomwe inatumiza pa tsiku lake la nambala 5,111 chilipo, mutha kuchipeza pa intaneti. Inkayang'ana kumwamba kufunafuna dzuwa kuti iyeze kuchuluka kwa fumbi. Pamwamba pake pali timadontho toyera ngati TV yopanda siginolo, si nyenyezi ayi, ndi kamera chabe ikuvutika mumdima. Pansi pake ndi pakuda bii, chifukwa uthengawo unadukira panjira chithunzi chisanathe kufika.